Kodi kukhulupirika kwa makasitomala kungapulumutse kampani ya makamera ikamagulidwa?

MbalameZaMichiru
Moni nonse a pa gulu lino. Ndikupempha maganizo kwa anzanga ojambula komanso kwa amene mumadziwa za kayendetsedwe ka makampani. Ine ndimajambula mbalame ku Michiru, ku Lengwe ndi ku Liwonde, ndipo zipangizo zanga zonse ndi za Micro Four Thirds (mtundu wa makamera a digito okhala ndi sensa yaing'ono, kachipangizo kolandira chithunzi), zimene kale zinali ndi dzina la Olympus koma lero zikutchedwa OM System. Monga ambiri mukudziwa, mu Juni 2020 Olympus inalengeza kuti igulitsa gawo lake la makamera kwa Japan Industrial Partners (JIP), ndipo kuyambira mu Januwale 2021 makamerawa akupangidwa ndi OM Digital Solutions. Nkhawa yanga ndi yakuti JIP si kampani yopanga katundu. Ntchito yake ndi kugula mabizinesi amene akuvutika, kuwakonza, kenaka kuwagulitsa, monga inachitira ndi bizinesi ya makompyuta a VAIO imene inagula kwa Sony mu 2014 n'kudzaigulitsa kwa Nojima patapita zaka pafupifupi khumi. Pa magulu a pa Facebook anthu okonda makamerawa amalimbikitsana kuti tikapitiriza kugula ndi kuwatamanda, kampaniyo siidzafa ngakhale itasinthanso eni. Kodi zimenezi ndi zoona? Ndikufunsa chifukwa ndikusunga ndalama yogulira lenzi yaitali, ndipo ndalama yake si yamasewera.

Akauntanti_Limbe
A Mbalame, ndikuyankhani monga munthu amene amakhalira mabuku a ndalama tsiku ndi tsiku. Kampani ikamagulitsidwa, kasitomala safunsidwa. Amene amavota ndi eni masheya, ndipo iwo amayang'ana phindu limene ndalama yawo ikubweretsa. Chitsanzo chomveka bwino ndi Pentax. Kumapeto kwa 2006 inagwirizana ndi Hoya kuti ziphatikizane, koma mu 2007 akuluakulu ena a bodi ya Pentax anayesa kubweza mgwirizanowo, mpaka kuchotsa mkulu wa kampaniyo pa udindo. Sizinathandize. Eni masheya akuluakulu anakonda mtengo umene Hoya inapereka, ndipo pofika mu 2008 Pentax inali itamezedwa. Onani kuti ngakhale bodi yeniyeniyo, imene inali ndi mphamvu zoposa za wojambula aliyense, inalephera kuletsa. Komanso Hoya siinkafuna makamera kwenikweni. Chimene inkafuna ndi zipangizo zachipatala zoonera m'mimba zimene Pentax inkapanga. Itazipeza, mu 2011 inagulitsa gawo la makamera kwa Ricoh. Nkhani ya Olympus ndi yofananako, chifukwa ndalama zake zambiri zimachokera ku zipangizo zachipatala, ndipo polengeza za kugulitsako inanena yokha kuti gawo la makamera linaluza ndalama zaka zitatu zotsatizana.

GogoFilimu
Ana inu mumathamangira manambala, koma nkhani imene mwafotokozayo ikutsutsana ndi inu nomwe, a Akauntanti. Pentax inagulidwa kawiri, koma lero ilipo. Ine ndinayamba kujambula zithunzi za pasipoti ndi za masukulu ku Limbe ndi kamera ya Pentax ya filimu, ndipo lenzi yake ya K-mount, pomangira lenzi pa kamera pamene Pentax inayambitsa mu 1975, ikulowabe pa makamera a Pentax a masiku ano. Mu 2024 Ricoh inatulutsa Pentax 17, kamera yatsopano ya filimu, pa nthawi imene makampani ena ambiri akuluakulu anali atasiya. Mukuganiza kuti akanatero pakanapanda anthu okakamira ngati ife?

Zingwangwa77
Agogo, kupulumuka kwa dzina ndi kupulumuka kwa kampani ndi zinthu ziwiri zosiyana. Kodak inalengeza kuti yalephera kubweza ngongole mu 2012, koma mpaka lero m'masitolo muli makamera olembedwa Kodak amene akupangidwa ndi makampani ena olipira kuti agwiritse ntchito dzinalo.

GogoFilimu
Nanga za Polaroid munena chiyani, mwana wanga? Mu 2008 kampaniyo inasiya kupanga filimu ya zithunzi zotuluka pompopompo. Anthu ochepa okonda filimuyo, motsogozedwa ndi Florian Kaps, anatenga makina a fakitale ya ku Enschede ku Netherlands asanaphwasulidwe, nayambitsa Impossible Project. Filimu yawo yoyamba inatuluka mu 2010, siinali yabwino kwenikweni, koma anthu ankagulabe pa mtengo wokwera kuti ntchitoyo isafe. Mu 2017 amene anaika ndalama zambiri m'kampani yaing'onoyo anagula dzina la Polaroid lenilenilo. Apa sipafunika kutanthauzira: makasitomala ndi amene anaukitsa chinthu chimene eni ake anali atachitaya.

Akauntanti_Limbe
Agogo, chitsanzo chimenecho ndi champhamvu ndipo sindichikana, koma chili ndi mbali ziwiri zimene tiyenera kuziona. Choyamba, anthu aja sanaletse Polaroid yakale kugwa, chifukwa inagwa mu 2001 n'kugwanso mu 2008. Iwo anabwera pambuyo, mtengo wa makina utatsika kufika poti anthu wamba akhoza kuwagula. Chachiwiri, filimu ndi chinthu chimene munthu amagula mwezi ndi mwezi, choncho kukhulupirika kwake kumaoneka m'mabuku a kampani nthawi zonse. Kamera ya digito ndi yosiyana. Munthu wokhulupirika kwambiri ndi amene amasunga kamera yake zaka zisanu ndi zitatu, akuitamanda kuti ndi yolimba, koma zaka zonsezo kampani sinalandire kanthu kwa iye. Ndipo msika wonse unafota. Malinga ndi CIPA, bungwe la makampani opanga makamera la ku Japan, mu 2010 makampani anatumiza pa msika makamera a digito pafupifupi 121 miliyoni, koma mu 2020 sanafike ngakhale 9 miliyoni. Mafoni ndi amene anadya msika wa makamera ang'onoang'ono, umene unkabweretsa ndalama zolipirira kafukufuku wa makamera akuluakulu. Palibe gulu la okonda limene likanatseka dzenje lalikulu chotere.

MayiWaSitudiyo
Ndawerenga zonse, ndipo ndikuona kuti tikukambirana ngati tili ku Tokyo kapena ku London. Tiyeni tibwerere ku Blantyre kuno. Ndi angati mwa ife amene anagulapo kamera yatsopano, ya m'bokosi, kwa wogulitsa wovomerezeka? Ambiri timagula za kaunjika, zochokera ku Johannesburg, ku Dubai kapena kwa mbale amene ali ku UK, ndipo zina zimakhala zitadutsa m'manja mwa anthu atatu. Ndalama imeneyo imapita kwa mwini wake wakale, siifika ku kampani. Ndiye ngakhale ojambula onse a mu Ndirande, Bangwe ndi Chilomoni titalumbira kuti sitidzasiya mtundu wakutiwakuti, ku likulu la kampaniyo sadzadziwa n'komwe kuti tilipo.

Komanso chimene timachitcha kukhulupirika kuno nthawi zambiri ndi kusowa pothawira. Ndinajambulapo ukwati wina ndi kamera ya mtundu wosowa, ndipo pakati pa perekaniperekani, akuchikazi atangoimirira ndi ndalama m'manja, batire yanga yomaliza inatha. M'holomo munali ojambula ena angapo, onse okonzeka kundithandiza, koma palibe amene anali ndi batire yolowa m'kamera yanga. Ndinamaliza mbali imeneyo ndi foni, ndikubisala kumbuyo kwa mkulu wa mwambo kuti eni ukwati asaone. Ichi ndi chifukwa chake ojambula maukwati ambiri mumzinda muno ali pa Canon ndi Nikon. Si chikondi ayi, koma kuti ukasowa batire, lenzi kapena fulashi, mnzako ali nazo.

MbalameZaMichiru
Mayi, mfundo ya kaunjikayo yandigwira, chifukwa zipangizo zanga zambiri ndinazipeza motero. Komabe ndifunse: munthu wa ku UK akandigulitsa lenzi yake yakale, iye samatenga ndalamayo kukagula yatsopano ya kampani yomweyo? Ngati ndi choncho, ndiye kuti nafenso timathandiza, ngakhale mozungulira.

Akauntanti_Limbe
Zimatheka, ndipo msika wa zakale ukakhala wamoyo umalimbitsa mtima wa ogula zatsopano. Koma nthawi zambiri munthu amene akugulitsa malenzi ake onse nthawi imodzi amakhala akusamukira ku mtundu wina. Mitengo ikatsika mwadzidzidzi pa msika wa kaunjika, ife timasangalala, chonsecho ndi chizindikiro chakuti eni ndalama akuthawa.

Wokonza_Ginnery
Ine ndimakonza makamera, ndiye ndiloleni ndinene zimene ndimaona pa tebulo langa. Kwa wojambula wa kuno, funso lakuti kampani ili m'manja mwa ndani limafika pa chinthu chimodzi: kodi shata ikafa, kapena kawaya kopyapyala ka m'kati mwa lenzi kakaduka, chosinthira chipezeka? Palibe amene amandibweretsera zipangizo zosinthira kuchokera ku fakitale. Ndimasunga makamera akufa m'makatoni, ndipo wina akabwera ndi vuto ndimatsegula yakufayo n'kuchotsa chimene chikufunika. Mtundu umene unagulidwa kwambiri padziko lonse uli ndi mitembo yambiri yotere, choncho umakonzeka ngakhale kampani yake itatsekedwa mawa. Mtundu wa anthu ochepa, ngakhale akhale okhulupirika motani, ulibe.

Vuto limene ndimalandira kwambiri nyengo ya mvula ndi ya chiperoni ndi nkhungu ya m'malenzi. Ukawalitsa tochi m'kati umaona timizere toyera tofalikira kuchokera m'mphepete mwa galasi. Ikakhala yongoyamba imapukutika, koma ikakhalitsa imadya utoto wa pagalasi ndipo galasilo liyenera kusinthidwa. Pamenepo ndi pamene mwini wake amazindikira ngati anasankha mtundu wokhala ndi abale ambiri kapena ayi.

NamiwawaBT
Inetu nkhani imeneyi ikundikumbutsa zimene taona konkuno. Celtel inasanduka Zain mu 2008, kenaka Airtel mu 2010, ndipo palibe amene anatifunsa, tinangoona zikwangwani zikusintha mtundu. Carlsberg Malawi inagulidwa ndi Castel mu 2016 ngakhale kuti anthu ankaukonda mowa wake kuyambira pamene fakitale ya ku Makata inatsegulidwa mu 1968. Kukonda kwathu sikunaletse kugulitsako, koma mwini watsopanoyo sanayerekeze kuchotsa Green pa msika.

Zingwangwa77
Botolo likatha mumagula lina tsiku lomwelo, achimwene. Lenzi ya ndalama zambirimbiri simungaisinthe choncho. Tiyeni tibwerere ku makamera.

Akauntanti_Limbe
A NamiwawaBT sanasochere kwenikweni, chifukwa akhudza mfundo imene ndikuiona kuti ndiyo phata la nkhaniyi. Kukhulupirika kwa makasitomala sikuletsa kampani kugulidwa. Ndi chimodzi mwa zinthu zimene wogulayo amalipira. Sony itatenga bizinesi ya makamera a Konica Minolta mu 2006, chimene inapeza sichinali mainjiniya okha, koma anthu ambirimbiri amene anali kale ndi malenzi a A-mount, pomangira pa Minolta, ndipo sakanasamuka mosavuta. Kamera yake yoyamba ya mtunduwu, A100, inalandira malenzi a Minolta, koma dzina la Minolta silinalembedweponso. Mu 2010 Sony inayambitsa pomangira pake patsopano pa E-mount, mu 2013 inatulutsa A7, ndipo kamera yomaliza ya A-mount, A99 II, inatuluka mu 2016. Anthu a Minolta ananyamula Sony zaka zoyambirira, ndipo itaima payokha inawapatsa adaputa yolumikizira malenzi awo akale pa makamera atsopano. Sindikunena kuti Sony inalakwa, chifukwa pa bizinesi inapambana kwambiri. Ndikungosonyeza kuti munthu wokhulupirika amakweza mtengo umene wogulitsa adzalandire, koma iye salandirapo gawo, ndipo alibe pangano lililonse lolembedwa ndi mwini watsopanoyo.

GogoFilimu
Ndiye mwavomera kuti kukhulupirika kuli ndi mtengo. Ngati kuli ndi mtengo, ndiye kuti kumapulumutsa. Samsung inali ndi makamera a NX, ndipo NX1 ya mu 2014 inatamandidwa kwambiri, koma pasanathe zaka ziwiri inangosiya mwakachetechete, popanda wina kupitiriza. Olympus, imene inayamba kupanga makamera mu 1936 ndipo ili ndi anthu oikonda kuyambira nthawi ya OM-1 ya filimu, inapeza wogula. Inapulumukanso chipongwe cha mu 2011, pamene mkulu wake, Michael Woodford, anachotsedwa pa udindo atafunsa za ndalama zimene akuluakulu anabisa kwa zaka zambiri. Kusiyana kwa Samsung ndi Olympus ndi anthu, osati luso la makina.

MayiWaSitudiyo
Apa ndigwirizana nanu pang'ono, Agogo. Kukhulupirika kukhoza kusiyanitsa pakati pa kampani imene yatsekedwa ndi imene yagulitsidwa. Koma mu 2011 amene anachirikiza Olympus sanali ojambula. Zinali zipatala zogula zipangizo zake, komanso Sony imene inaikamo mayeni 50 biliyoni mu 2012.

Kabwerebwere
Palibe amene watchula Leica, chonsecho ndi kampani imene anthu ake amaikonda koposa ina iliyonse. Cha m'ma 2005 inatsala pang'ono kugwa chifukwa inachedwa kulowa mu digito, ndipo okonda ake onse aja sanathe kuiimika. Amene anaipulumutsa ndi munthu mmodzi wachuma, Andreas Kaufmann, amene anagula masheya ambiri, kenaka mu 2011 kampani yoika ndalama m'mabizinesi ya Blackstone inagulako gawo lalikulu. Njira imene anasankha inali yogulitsa makamera ochepa pa mtengo wokwera kwambiri kwa anthu amene sawerengera ndalama. Hasselblad nayo lero ili m'manja mwa DJI, kampani ya ku China yopanga madroni. Zimene ndikuphunzirapo ine ndi zakuti kukhulupirika kumene kumawerengedwa ndi kwa munthu wokhoza kulipira mtengo umene kampani yatchula. Ife, amene ndalama yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ndalama zakunja n'zosowa m'mabanki, tili kunja kwa masamu amenewo.

Zingwangwa77
Ndiwonjezere kuti kampani sichita kufunika kugulidwa kuti ikusiyeni pa njira. Canon inasiya pomangira lenzi pa FD n'kuyamba pa EF mu 1987, ndipo malenzi akale sanalowenso pa makamera atsopano. Mu 2018 Canon ndi Nikon onse anayambitsa pomangira patsopano pa makamera a mirrorless (opanda kalilole m'kati), RF ndi Z, ndipo mphamvu zawo zonse zinapita kumeneko. Palibe amene anagula makampani amenewa, koma amene ali ndi DSLR, makamera okhala ndi kalilole m'kati, akudziwa kumene mphepo ikulowera.

MayiWaSitudiyo
Ndipo kwa ife zimenezo zakhala dalitso, chifukwa azungu akusamukira ku mirrorless ndipo malenzi a EF a Canon ndi a F a Nikon akutsika mtengo. Ine ndikugula amene ndinkangowaona m'magazini.

MbalameZaMichiru
Zikomo nonse. Ndamva kuti kutamanda kamera pa Facebook sikungasinthe maganizo a eni masheya. Koma funso langa la ndalama likadalipo: kodi ndi nzeru kuika ndalama zambiri pa lenzi ya kampani imene ikhoza kugulitsidwanso? Kwa ine zipangizozi zili ndi ubwino weniweni. Sensa yake ndi yaing'ono, choncho lenzi ya 300mm imaona kutali ngati ya 600mm pa kamera ya sensa yaikulu, ndipo ndimatha kukwera nayo phiri la Michiru popanda kunyamula chikwama cholemera.

Wokonza_Ginnery
A Mbalame, inu muli pabwino kuposa mmene mukuganizira, ndipo chifukwa chake si kukhulupirika kwa wina aliyense. Micro Four Thirds inakhazikitsidwa mu 2008 ndi makampani awiri, Olympus ndi Panasonic, ndipo pomangira lenzi ndi pamodzi. OM Digital Solutions itati yatseka, lenzi yanu idzalowabe pa kamera ya Lumix ya Panasonic ya mtundu umenewo ndipo idzagwira ntchito, ngakhale zina zapadera, monga kugwirizana kwa lenzi ndi kamera pochepetsa kugwedezeka, sizigwira mofanana mukasakaniza mitundu. Anthu a Samsung NX analibe mwayi wotere. Malangizo anga ndi akuti ndalama zambiri muike pa galasi, osati pa kamera yeniyeniyo, chifukwa galasi losamalidwa bwino limatha zaka makumi awiri. Mugulenso mabatire owonjezera ndi chaja yachiwiri pamene zikupezeka, popeza zimenezi ndi zimene zimayamba kusowa mtundu ukasiyidwa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kamera imene muli nayo siisiya kujambula tsiku limene kampani yasintha eni.

GogoFilimu
Mawu omalizawo ndi amene ndakhala ndikunena, kungoti wokonza wawanena bwino kuposa ine.

Akauntanti_Limbe
Si zimene munkanena, Agogo. Inu munkati anthu amapulumutsa kampani, pamene wokonza akuti kamera imapitiriza kugwira ntchito ngakhale kampani itafa. A Mbalame, ngati mukufuna chizindikiro choti muziyang'ana, musayang'ane kuchuluka kwa anthu pa magulu a okonda. Yang'anani ngati mwini watsopanoyo akulipira mainjiniya kupanga zinthu zatsopano, kapena akungovala zakale malaya ena. Pansi pa JIP patuluka OM-1 mu 2022, OM-1 Mark II mu 2024 ndi OM-3 mu 2025, ndipo okonda makamerawa amatsutsana okhaokha ngati zimenezi ndi zatsopano mokwanira, popeza sensa yake ndi yofanana. Kampani ikayamba kutulutsa malenzi opangidwa kuchokera pachiyambi, ndiye kuti ikuwerengera zaka zambiri kutsogolo, chifukwa ndalama yolowa pa lenzi yatsopano siibwerera msanga. Ikamangosintha dzina lolembedwa pa zakale, dziwani kuti ikukongoletsa mabuku kuti wogula wina akopeke.

MayiWaSitudiyo
Ndiwonjezere chimodzi chimene akauntanti sangachione m'mabuku a ku Japan. Musanagule, dzifunseni kuti tsiku limene mudzafune ndalama ya fizi ya mwana, lenzi imeneyo mudzamugulitsa ndani mu Blantyre muno. Lenzi ya Canon ndikaiika pa gulu la ojambula m'mawa, madzulo imakhala itapita. Ojambula mbalame a Micro Four Thirds mumzinda uno ndi owerengeka, ndipo mwina mudzachita kuitumiza ku Johannesburg kuti ipeze wogula. Ngati mukugula kuti muigwiritse ntchito mpaka ithe, gulani. Ngati mukuiwerengera ngati katundu woti mudzagulitse mukapanikizika, muchotseretu ndalama yotumizira ndi miyezi yodikira.